Makamera akale a DSLR: mafunso ndi mayankho kwa ogula ndi ogwiritsa ntchito

Kuyambira mu 2018, pomwe Canon inatulutsa EOS R ndipo Nikon inatulutsa Z 6 ndi Z 7, ojambula ambiri a ku Ulaya, America ndi Japan akhala akugulitsa ma DSLR awo (makamera a digito okhala ndi galasi mkati) n'kusamukira ku mirrorless (makamera opanda galasilo). Makamera amene akuwasiyawo ndi omwe akufika kuno m'manja mwa ojambula maukwati, zinkhoswe, mpira ndi zochitika za kutchalitchi. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene munthu ayenera kuwayankha asanatulutse ndalama, kapena asanataye kamera imene ili kale m'nyumba.

Kodi kamera ya zaka 10 kapena 15 ingatulutsebe chithunzi chogulitsika?

Ingatulutse, popanda kuvutikira n'komwe. Sensa, kachipangizo kolandira kuwala n'kupanga chithunzi, siifooka ndi zaka ngati batire. Canon EOS 5D Mark II ndi Nikon D700, zonse za mu 2008, ndi makamera amene akatswiri ankadyera, ndipo zithunzi zake zinkasindikizidwa m'magazini ndi pa zikwangwani. Kamera yoteroyo ikakhala yamoyo lero, chithunzi chake n'chomwecho chija. Makamera atsopano apita patsogolo kwambiri pa zinthu zitatu: fokasi yotsatira yokha diso la munthu, vidiyo, ndi kujambula pamalo amdima. Pa chithunzi cha munthu amene waima panja masana, kasitomala sangasiyanitse.

Zimene zimakalamba ndi zoyenda ndi zosunga moto: shata (kotchinga kamene kamatseguka kuti kuwala kufike pa sensa), galasi la mkati, mabatani, timawilo tosinthira, mphira wa pogwirira ndi batire. N'chifukwa chake chaka chimene kamera inatuluka sichinena zambiri. Chofunika kudziwa ndi kuchuluka kwa ntchito imene yagwira ndi malo amene inkasungidwa.

DSLR imasiyana pati ndi mirrorless?

Mkati mwa DSLR, kuseri kwa lenzi, muli galasi lopendekeka. Limatumiza kuwala m'mwamba kuti kufike pa kazenera koyang'anira, kotero mumaona zinthu ndi diso lanu kudzera m'lenzi, osati pa sikirini. Gawo lina la kuwalako limadutsa n'kugwera pa kasensa ka fokasi kamene kali cha pansi m'kati mwa bodi (kamera yeniyeniyo, kupatula lenzi). Mukadina batani galasi limakwera, shata imatseguka, kuwala kumafika pa sensa yaikulu, kenako zonse zimabwerera m'malo. Mirrorless ilibe galasi limeneli. Sensa yaikulu ndi imene imaona, imafokasa ndi kujambula.

Pali zotsatira ziwiri. Choyamba n'chabwino: DSLR sidya moto wambiri pamene mukungoyang'ana, choncho batire limakhalitsa. Chachiwiri n'chovuta: popeza chofokasira ndi chojambulira zili malo osiyana, kamera ikagwa kapena lenzi ikasokonekera pang'ono, fokasi imatha kumagwera kutsogolo kapena kumbuyo kwa pamene mwaloza.

Foni yanga ili ndi ma megapixel 50 kapena 108. Sindiye kuti ikuposa kamera ya 12 kapena 18?

Ayi. Chimene chimasonkhanitsa kuwala ndi kukula kwa sensa. Ya full frame ndi mamilimita 36 kwa 24. Ya APS-C ya Nikon ndi pafupifupi 23.6 kwa 15.6, ya Canon 22.3 kwa 14.9. Mafoni ambiri apakatikati ali ndi kasensa ka mamilimita pafupifupi 6 kwa 4, kutanthauza kuti ngakhale Canon 600D ili ndi malo olandirira kuwala oposa a foni yotero maulendo opitirira 10. Foni imabisa kuchepaku pojambula zithunzi zingapo nthawi imodzi n'kuziphatikiza, kenako n'kusalaza khungu. Pa sikirini ya foni zimaoneka bwino. Mukazitsuka zazikulu, tsitsi ndi nsalu zimaoneka ngati zopakidwa penti.

Foni imapambana pa kufulumira kutumiza, pa vidiyo yojambula mukuyenda, ndiponso usiku ngati zinthu sizikusuntha. Kamera imapambana pa zinthu zakutali, pa anthu amene akuvina kapena kuthamanga, pa kugwiritsa ntchito fulashi yeniyeni, ndi pa kufufutitsa zakumbuyo mwachibadwa.

Nanga ma megapixel okwanira ndi angati?

Tiwerengere pa kutsuka zithunzi pa madontho 300 pa inchi. Chithunzi cha mainchi 6 kwa 4 chimafuna madontho 1800 kwa 1200, omwe ndi ma megapixel 2.2 okha. A4 imafuna pafupifupi 8.7, A3 pafupifupi 17.4. Nikon D90, ya ma megapixel 12.3, imatulutsa madontho 4288 kwa 2848, ndipo pa madontho 240 pa inchi chithunzi chake chimafika masentimita 45 kwa 30 chili bwinobwino. Zazikulu zopachika kukhoma anthu amaziyang'ana ataima patali, kotero sizifuna madontho ochuluka choncho. Pamene 12 imachepa ndi pamene mumakonda kudula chithunzi kwambiri, monga ojambula mbalame kapena mpira ndi lenzi yaifupi.

Ndi ziti zoyenera kugula, ndipo ndi ziti zimene zakalamba kwambiri?

Ife timaika malire pa chaka cha 2008. Makamera a m'mbuyo mwake, monga Canon 350D ndi 400D kapena Nikon D50, D70 ndi D40, amajambula bwino masana, koma sikirini zake n'zazing'ono moti simungatsimikize ngati fokasi yagwira, alibe vidiyo, ndipo mukadutsa ISO 800 (ISO ndi nambala imene mumakweza kuti chithunzi chiwale pamalo amdima) chithunzi chimayamba kuchita mchenga. N'zabwino kuphunzirira ngati mwapatsidwa ulere. Kugulira ntchito yolipidwa, ayi.

Kwa woyamba kumene, Canon 550D ya mu 2010, 600D ya mu 2011 ndi 700D ya mu 2013 zili ndi sensa ya ma megapixel 18 yofanana kwambiri, choncho musalipire zambiri chifukwa cha nambala yaikulu. Kwa Nikon, D5100 ya mu 2011 ndi D3200, D3300 kapena D5300 n'zabwino. D5100 ndi D7000 zili ndi sensa ya ma megapixel 16 imene imalola kuwalitsa malo amdima a chithunzi pa kompyuta popanda kuwonongeka msanga, ndipo apa zimaposa ma Canon a nthawi yomweyo. Pa 7D ndi 5D Mark II, mukawalitsa kwambiri malo amdimawo mumayamba kuona mizere.

Kwa wa ntchito ya tsiku ndi tsiku, Nikon D7000 ndi D7100 zili ndi malo a makhadi awiri, zomwe pa ukwati n'zofunika kuposa megapixel iliyonse, chifukwa mukaika kuti izilemba pa onse awiri, khadi limodzi likafa linalo limakhala ndi zonse. Canon 60D ndi 70D n'zolimba, 7D ya mu 2009 imajambula zithunzi 8 pa sekondi ndipo ndi yabwino pa masewero. Pa full frame pali Canon 6D ndi 5D Mark III za mu 2012, Nikon D610 ya mu 2013 ndi D750 ya mu 2014. D700 ndi yolemera, ilibe vidiyo, koma ndi yolimba zedi.

Ma Pentax monga K-5 ndi abwino ndipo amatetezedwa ku fumbi ndi madontho a mvula, kungoti malenzi ndi mabatire ake amavuta kupeza kuno poyerekeza ndi a Canon ndi Nikon. Muganizire zimenezo musanakopeke ndi mtengo.

Kodi nambala ya shata ndi chiyani, ndipo yochuluka ndi iti?

Ndi maulendo amene shata yatseguka ndi kutsekeka chipangireni kamerayo, ngati makilomita a galimoto. Opanga amanena nambala imene shata inayesedwa: 100,000 pa Nikon D90 ndi D3200 komanso Canon 60D ndi 6D; 150,000 pa Canon 7D, 5D Mark II ndi 5D Mark III komanso Nikon D700, D7000 ndi D750; 200,000 pa D800; 300,000 pa D3. Si nambala yoti ikakwana kamera imazima. Zina zimadutsa kawiri, zina zimafa zisanafike. Koma kamera imene yadutsa magawo atatu mwa anayi a nambala yakeyo iyenera kutsika mtengo, chifukwa kusintha shata pa bodi yotchipa kumatha kudya ndalama zofanana ndi kugula ina.

Pa Nikon ndi Pentax nambalayi imalembedwa m'chithunzi chilichonse. Jambulani chimodzi, chikopereni pa kompyuta osachikonza, n'kuchitsegula ndi ExifTool, pulogalamu yaulere. Chithunzi chodutsa pa WhatsApp kapena Facebook sichithandiza chifukwa zolembedwazo zimachotsedwa. Ma Canon ambiri sailemba m'chithunzi. Pamafunika kulumikiza kamera ku kompyuta ndi chingwe cha USB n'kugwiritsa ntchito pulogalamu ngati gPhoto2. Nambala ya fayilo, monga IMG_4521, musaidalire: imabwerera pa 1 ikadutsa 9999, ndipo aliyense angathe kuiyambitsanso.

Ndiyese chiyani ndisanalipire?

Pitani ndi khadi lanu, tochi ya foni, ndipo ngati n'kotheka laputopu. Wogulitsa amene akukana kuti muyese kwa mphindi 20 ali ndi chifukwa chake.

Yambani ndi kunja. Ngodya zopindika ndi ming'alu pafupi ndi pomangira lamba zimasonyeza kuti inagwapo. Yang'anani timisomali ta pansi: mitu yake ikakhala yokalika ndiye kuti inatsegulidwapo. Tsegulani chitseko cha batire muone ngati pali zobiriwira kapena zoyera pa tizitsulo, chizindikiro cha madzi. Ngati imagwiritsa ntchito khadi la CF (CompactFlash, lokulirapo kuposa la SD), walitsani tochi m'kabowo kake muone timapini tonse 50 ngati taima mowongoka. Pini imodzi yopindika imatha kulepheretsa khadi kuwerengedwa kapena kupsereza za mkati mwa kamera.

Kenako sensa. Ikani kawilo ka pamwamba pa Av kapena A, apecha (kabowo kolowera kuwala m'lenzi) f/16 kapena f/22, ISO 100, fokasi ya pamanja, jambulani pepala loyera kapena thambo lopanda mitambo. Kulitsani chithunzicho n'kuchiyendera chonse. Timadontho tozungulira ndi fumbi ndipo timachoka. Mzere wautali wowongoka ukhoza kukhala kukalika kwa galasi loteteza sensa, ndipo kumeneko sikuchoka. Mukatero vundikirani lenzi, ikani pa M, ISO 1600, masekondi 2, jambulani mdima. Timadontho tochepa tofiira kapena tabuluu n'tachibadwa pa kamera yakale, koma mzere wathunthu kuchokera m'mwamba mpaka pansi ndi sensa yodwala.

Shata iyeseni pa liwiro lake lomaliza, 1/4000 kapena 1/8000 ya sekondi, moloza thambo lowala. Mbali imodzi ikada, kapena pakaoneka mpingasa wowala, timasamba ta shata tayamba kutha. Gwirani batani kuti ijambule motsatizana mumve ngati kulira kwake n'kofanana.

Fokasi ndi imene anthu ambiri amaiwala. Imikani mabatire atatu pa tebulo, lina patsogolo pang'ono, lina kumbuyo, motalikirana masentimita 2 kapena 3. Tsegulani apecha yonse, sankhani kadontho ka pakati, fokasani pa batire lapakati mukuyang'ana pa kazenera. Jambulani katatu. Kenako jambulani chomwecho ndi live view (kuyang'ana pa sikirini ya kumbuyo), kamera isanasunthe. Ngati cha live view chili chakuthwa koma zinazo zikugwira batire lakutsogolo kapena lakumbuyo, fokasi yasokonekera. Canon 7D, 70D, 6D, 5D Mark II komanso Nikon D7000, D300 ndi D700 zili ndi pokonzera vutoli mu menyu. Canon 60D, 600D, Nikon D90 ndi ma D3000 ndi D5000 onse alibe, ndipo zimafuna wokonza.

Pomaliza zungulitsani kawilo kalikonse muone ngati nambala sizikudumpha, dinani mabatani onse, tulutsani fulashi ya pamwamba, yesani USB ndi pobayira maikolofoni.

Pali makamera amene ali ndi matenda odziwika?

Alipo angapo. Pa Canon 5D yoyamba, ya mu 2005, galasi la mkati linkamatuka guluu akafooka ndi kutentha. Canon inkazikonza poika tizitsulo m'mbali mwa galasilo, choncho yang'anani ngati tilipo. Nikon D600 inatchuka ndi madontho a mafuta ndi fumbi ochokera ku shata, amene amaunjikana pa ngodya ya m'mwamba kumanzere kwa chithunzi. D610 inabwera kudzathetsa zimenezi. Ma D750 ena anaitanidwanso kuti akasinthidwe shata. Pentax K-30 ndi K-50 zimadwala kachipangizo koyendetsa apecha, ndipo chizindikiro chake ndi zithunzi zakuda kwambiri, makamaka zoyamba kamera ikakhalitsa osagwira ntchito. Mphira womatuka pa ma Nikon ndi wonyansa m'maso chabe. Amagulitsidwa padera ndipo amamatidwa mosavuta.

Kodi lenzi iliyonse ya kampani yomweyo ikwana?

Apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayika.

Kwa Canon nkhani ndi yaifupi. Lenzi iliyonse ya EF, kuyambira mu 1987, imagwira ntchito pa DSLR iliyonse ya Canon. Za EF-S, zokhala ndi kachizindikiro koyera ka ngodya zinayi, zimalowa pa APS-C pokha. Pa 5D kapena 6D sizilowa, ndipo musakakamize. Za EF-M ndi RF ndi za mirrorless, sizikwana pa DSLR. Za FD za nthawi ya filimu nazonso sizikwana.

Kwa Nikon pakamwa pa kamera, pomangira lenzi, ndi pomwepo kuyambira mu 1959, koma kulowa sikutanthauza kugwira ntchito. D40, D60, ma D3000 onse ndi ma D5000 onse alibe mota ya fokasi m'bodi. Lenzi yolembedwa AF kapena AF-D, monga 50mm f/1.8D yotchipa ija, imalowa ndipo imajambula, koma muzifokasa ndi dzanja. Pamakamera amenewa gulani za AF-S. D90, D7000, D300 ndi D700 zili ndi mota, choncho malenzi akale a AF-D amayenda bwino. Msampha wina ndi malenzi a AF-P a DX (opangidwira APS-C), monga 18-55mm ndi 70-300mm atsopano: pa D90, D3100, D3200, D5100 ndi D7000 safokasa ngakhale ndi dzanja, chifukwa mphete yake imadalira magetsi a bodi. Ndipo malenzi a Nikon opangidwa chisanafike chaka cha 1977, amene sanasinthidwe kukhala AI, angathyole kachitsulo kowerengera apecha pa D7000 kapena D700.

Ngati ndalama zili zochepa, gulani bodi yotsikirapo n'kuwonjezera lenzi imodzi yowala. Canon EF 50mm f/1.8 STM kapena Nikon AF-S DX 35mm f/1.8G imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi maulendo 8 mpaka 10 kuposa 18-55mm ikakhala pa f/5.6. Kusintha kumeneku n'kwakukulu kuposa kuchoka pa 600D kupita pa 80D. Kumbukirani kuti pa APS-C lenzi imaona mopapatiza: chulukitsani ndi 1.6 pa Canon, 1.5 pa Nikon. Pa Canon 50mm imakhala ngati 80mm, yabwino pa nkhope, koma m'chipinda chaching'ono mudzasowa pobwerera.

Lenzi yogwiritsidwapo ntchito iwalitseni ndi tochi kuchokera kumbuyo. Fumbi lochepa lilibe kanthu. Timizere tonga ukonde wa kangaude ndi chuku, ndipo chifunga chofanana ponseponse chimachepetsa kuthwa kwa chithunzi.

Makhadi ndi mabatire ake akupezekabe?

Akupezeka, koma khadi lalikulu si lonse limene lingawerengedwe. SD wamba amathera pa 2GB, SDHC pa 32GB, ndipo kuyambira 64GB ndi SDXC. Nikon D50 imangodziwa SD wamba. Nikon D40, D80 ndi Canon 450D ndi 500D zimathera pa SDHC. Kuyambira pa 550D ndi D3100, SDXC imagwira. Kamera yakale ikakana khadi latsopano, yesani la 16GB kapena 32GB musanaganize kuti yafa. Khadi lifomatidwe m'kamera momwemo, osati pa kompyuta. Canon 5D, 5D Mark II, 7D, 40D, 50D ndi Nikon D700 ndi D300 zimafuna CF, amene ndi odula ndipo m'mashopu ambiri mulibe. Makhadi achinyengo ndi ochuluka: amalembedwa 64GB koma mkati muli 8GB, ndipo zithunzi zimayamba kuwonongeka malo enieniwo akadzaza. Pulogalamu yaulere ya H2testw imaulula zimenezi. Yesani khadi lililonse latsopano lisanapite ku ntchito.

Mabatire ofala ndi LP-E6 pa 5D Mark II, 5D Mark III, 6D, 7D, 60D ndi 70D. LP-E8 pa 550D mpaka 700D. LP-E10 pa 1100D, 1200D ndi 1300D. EN-EL3e pa D90, D300 ndi D700. EN-EL14 pa D3100, D3200 ndi D5100. EN-EL15 pa D7000, D610 ndi D750. Batire latsopano pa D750 linayesedwa zithunzi 1230, pa 60D pafupifupi 1100, pa 600D 440. Kumalo kumene magetsi amazimazima, kapena kumudzi kumene kulibe potchajira, ubwino umenewu si wamasewera, ndipo tchaja za USB zoyendera power bank zilipo za mitundu yonseyi. Batire lotupa litayeni, chifukwa limakanirira m'kamera. Losagwiritsidwa ntchito lisungidwe lili ndi moto wa theka.

Kamera ikamaiwala tsiku ndi nthawi, ndi kabatire kakang'ono ka wotchi: CR1616 pa 5D Mark II ndi 7D, CR2016 pa 40D ndi 5D yoyamba. Ma Nikon ambiri ali ndi kotchajika ka mkati, kamene kamadzaza mukasiyamo batire lalikulu masiku awiri.

Kamera ikulemba Err. Yafa?

Kawirikawiri ayi. Pa Canon, Err 01 ndi kusamvana kwa lenzi ndi bodi: pukutani tizitsulo tagolide ndi kansalu kouma. Ikamabwera pa lenzi imodzi yokha, makamaka mukachepetsa apecha kapena mukazuma, ndi kachingwe kosalala ka mkati mwa lenzi kamene kaduka, vuto lodziwika pa EF 24-105mm f/4L yoyamba ndi EF-S 17-85mm. Err 02 ndi khadi. Err 20 ndi Err 30 zimaloza ku galasi kapena shata, ndipo zikamabwerezabwereza pamafunika wokonza. Err 99 ya makamera akale imatanthauza chilichonse, choncho chotsani lenzi, khadi ndi batire, n'kumabwezera chimodzichimodzi mpaka mupeze cholakwa. Pa Nikon, FEE ikutanthauza kuti mphete ya apecha pa lenzi sinakhomedwe pa nambala yaikulu kwambiri, monga 22. F yotsatana ndi timizere tiwiri ndi lenzi yosakhala bwino. CHA ndi khadi.

Fumbi ndi chinyezi cha kuno ndithane nazo bwanji?

Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba mdani ndi fumbi. Sinthani lenzi kamera itazimitsidwa, pakamwa pake pataloza pansi, mutafulatira mphepo, ndipo lenzi inayo ikhale yokonzeka kale. Fumbi likafika pa sensa, tchajani batire lidzaze, sankhani kutsuka kwa pamanja mu menyu kuti galasi likwere, lozetsani kamera pansi, uzirani ndi kampira kopopera mpweya. Musauzire ndi pakamwa, malovu amasiya madontho ovuta kuposa fumbilo. Musagwiritse ntchito mpweya wa m'chitini, thonje la m'makutu kapena malaya. Batire likathera m'kati mwa ntchitoyi, shata imatsekekera pa chimene mwalowetsacho n'kuthyoka. Madontho okanika amafuna timitengo topukutira sensa ta saizi yake ndi madontho awiri a mankhwala ake, kukoka kamodzi mbali imodzi, kamtengo kamodzi ulendo umodzi. Galasi ndi kagalasi kofokasira ka pamwamba pake musazikhudze. Fumbi la pamenepo silioneka pa chithunzi.

Nyengo ya mvula, komanso m'mbali mwa nyanja monga ku Nkhata Bay, Salima ndi Mangochi, kapena nthawi ya chiperoni ku Mulanje ndi Thyolo, vuto ndi chuku m'malenzi. Chimakonda mdima, mpweya wosayenda ndi chinyezi chopitirira 60 peresenti, ndiye kuti chikwama chotsekedwa m'kabati ya zovala ndi malo oipitsitsa. Sungani zida m'kontena ya pulasitiki yotseka ndi mphira, muikemo silica gel (timiyala toyamwa chinyezi) ndi kachipangizo koyezera chinyezi, ndipo chizikhala pakati pa 40 ndi 50 peresenti. Silica gel akakhuta amaumitsidwa mu uvuni wa moto wochepa, pafupifupi madigiri 110, kwa ola limodzi kapena awiri. Mukatuluka m'galimoto yozizira kupita panja pofunda, siyani kamera m'chikwama mphindi 20 kuti isachite thukuta.

Ingathe kujambula ukwati m'holo kapena m'tchalitchi mopanda kuwala kokwanira?

Ingathe, mukadziwa polekezera pake. Mwa kuona kwathu, ma Canon a ma megapixel 18 ndi D90 amakhala bwino mpaka ISO 1600. D5100, D7000, D700 ndi 5D Mark II mpaka 3200. 6D ndi D750 mpaka 6400. Chithunzi cha mchenga pang'ono chimagulitsika, chogwedezeka sichigulitsika, choncho kwezani ISO m'malo motsitsa liwiro. Anthu oima amafuna 1/125, a perekaniperekani akuvina amafuna 1/250 kapena kuposa. Mumdima gwiritsani ntchito kadontho ka fokasi ka pakati, ndi kamene kali kamphamvu pa makamera ambiri akale.

Diresi loyera la mkwatibwi pafupi ndi nkhope yakuda ndi suti yakuda limasokoneza mita ya kamera. Yatsani chenjezo lothwanima losonyeza malo opserera, jambulani RAW (fayilo yosakonzedwa, imene mumadzakonza pa kompyuta), ndipo tetezani diresi kuti lisapse. Nkhope mudzaiwalitsa pang'ono pokonza. Zoyera zikapsa sizibwerera.

Fulashi yakunja imathetsa mavuto ambiri kuposa bodi yatsopano. Siling'i ikakhala yoyera ndi yotsika, lozetsani fulashi m'mwamba pa 1/125, f/4, ISO 800. M'matchalitchi a malata opanda siling'i kuwalako sikubwerera, ndiye gwiritsani ntchito kakhadi koyera kapena ambulera pa choimikira. Musadutse 1/200 kapena 1/250 (1/180 pa 6D) ngati fulashi ilibe high speed sync, yolola kujambula pa liwiro lalikulu, apo ayi mbali ya chithunzi ida. Canon 4000D ndi 250D zilibe kapini ka pakati pomangira fulashi, kotero mafulashi wamba a pamanja sayaka. Ndipo fulashi zakalekale za nthawi ya filimu, monga Vivitar 283 zoyamba, zimatulutsa mavoti oposa 200 pa phazi lake ndipo zingawononge kamera.

Nanga vidiyo?

Apa m'pamene ukalamba umaonekera. Nikon D90 inali DSLR yoyamba kujambula vidiyo, koma ndi 720p ndipo imaima pa mphindi 5. Canon 5D Mark II, 550D ndi 600D zimaima fayilo ikafika 4GB, pafupifupi mphindi 12 pa 1080p. Zotsatira zake zambiri zimathera pa mphindi 29 ndi masekondi 59. Pa ulaliki kapena msonkhano wautali zimenezi n'zosautsa, ndipo padzuwa kamera imatentha n'kuzima. Fokasi yotsatira munthu pa vidiyo inayamba kudalirika pa Canon 70D ya mu 2013. Pa zam'mbuyo, ndi ma Nikon ambiri, fokasani ndi dzanja. D3100 ndi 1200D zilibe pobayira maikolofoni.

Magetsi a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique ndi a 50Hz. Kamera yochokera ku America imabwera itaikidwa pa NTSC, dongosolo la vidiyo la kumeneko, ndipo pansi pa magetsi a machubu kapena ma LED otchipa vidiyo imaphethira. Sinthani kukhala PAL, mafulemu 25 pa sekondi, liwiro 1/50 kapena 1/100. Ngati ntchito yanu yambiri ndi vidiyo, ndalamazo zisungireni mirrorless.

Zithunzi ndizifikitsa bwanji pa foni, ndipo RAW yakale ikutsegukabe?

Canon 6D, 70D, 1300D ndi Nikon D5300 ndi D750 zili ndi Wi-Fi, koma njira yofulumira ndi kowerengera khadi kobaya pa foni ka USB-C. Potumiza kwa kasitomala pa WhatsApp, tumizani ngati document kuti chisafinyidwe. Mafayilo a RAW, CR2 ya Canon ndi NEF ya Nikon, amatseguka mu Lightroom, darktable ndi RawTherapee, komanso m'mapulogalamu aulere a opanga: Digital Photo Professional ya Canon ndi NX Studio ya Nikon. Mapulogalamu atsopano ochotsa mchenga, monga DxO PureRAW, amachititsa kuti ISO 3200 ya kamera ya mu 2010 ioneke bwino kuposa mmene inkaonekera nthawi imeneyo.

Ngati makampani asiya kupanga ma DSLR, malenzi anga adzakhala opanda ntchito?

Ma DSLR omaliza a Canon, 1D X Mark III ndi 850D, ndi a Nikon, D780 ndi D6, anatuluka mu 2020. Pentax yokha ndi imene inapitiriza, ndi K-3 Mark III mu 2021. Zipangizo zatsopano zokonzera makamera akale zikusowa, ndipo okonza ambiri amachotsa pa makamera akufa. Chifukwa cha ichi mtundu wofala, monga 600D kapena D3200, ndi wosavuta kukonzetsa kuposa wosowa, ndipo wojambula wa ntchito yolipidwa amachita bwino kukhala ndi mabodi awiri otchipa ogwiritsa ntchito batire ndi malenzi ofanana.

Malenzi amasamuka nanu. A Canon EF ndi EF-S amagwira ntchito yonse pa makamera a mirrorless a R kudzera pa adaputa ya EF-EOS R. A Nikon AF-S ndi AF-P amafokasa pa makamera a mirrorless a Z kudzera pa adaputa ya FTZ, koma a AF-D amataya fokasi yodziyendera chifukwa adaputayo ilibe mota. Ngati mukuganiza zodzasamukira ku Z m'tsogolo, pogula lenzi lero sankhani ya AF-S ngakhale bodi yanu ili ndi mota.